Kabuku ka nyumba yathu ku Plumstead: kusaka potchipa mu London

Epulo 2025

Msonkhano wa m'nyumba wandisankha kukhala wosunga kabuku, ndiye zonse za ntchito yathu yochepetsa ndalama zomwe tikuwononga ndizilemba muno, kuti wina akadzati sanamve tidzamuwerengere. Tilipo asanu m'nyumba imodzi ku Plumstead, kum'mwera chakum'mawa kwa London, tonse a kumudzi: achimwene ndi alamu, omwe anayamba kulowa muno, anti, amene amagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba, chemwali wathu wamng'ono wa ku yunivesite, ndi ine, woyenda khomo ndi khomo kusambitsa ndi kudyetsa agogo a eni dziko.

Tayambira mwezi uno chifukwa kuno Epulo ndi mwezi umene zinthu zimakwerera limodzi. Council tax, msonkho umene nyumba iliyonse imalipira ku khonsolo, yakwera. Madzi akwera, pa avereji ndi 26 peresenti ku England ndi Wales. Laisensi ya TV yafika £174.50, ndipo malire a mtengo wa gasi ndi magetsi amene Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a gasi ndi magetsi, imaika afika £1,849 pachaka kwa nyumba yapakatikati. Malipiro otsikitsitsa nawo akwera, kuchoka pa £11.44 kufika £12.21 pa ola, koma ndalamayo yatha tisanaigwire m'manja.

Malamulo tagwirizana awiri. Loyamba, palibe wowonjezera shifiti chifukwa cha ntchito imeneyi. Ena a ife mapepala salola n'komwe kupitirira maola 20 pasabata pa ntchito yachiwiri, ndipo anti anenetsa kuti msana wawo ndi umodzi womwewo. Lachiwiri, ola lili ndi mtengo. Chilichonse chotchipa chimene chikufuna kuti munthu ataye ola lathunthu kuchisaka chiyenera kubweza ndalama yoposa £12.21, apo ayi tichisiye.

Malangizo ambiri amene ali pa intaneti salembedwera anthu ngati ife. Amayamba ndi kufunsira Universal Credit kapena thandizo la lendi, pomwe mapepala a ambiri m'nyumba muno amaletsa kulandira ndalama zoterozo za boma, ndipo kungoyesa kukhoza kusokoneza viza. Khomo limenelo talitseka kaye, tikuyang'ana zimene zili m'manja mwathu.

Ntchito yoyamba inali yochititsa manyazi pang'ono: aliyense kubweretsa sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu n'kuiyala patebulo. Tonse tinkaganiza kuti ndalama ikuthera ku golosale. Ayi ndithu. Yambiri ikutuluka usiku tili mtulo, kudzera m'ma direct debit, ndalama zimene makampani amadzidulira okha ku akaunti, amene anawasainira kalekale n'kuwaiwala. Amadya ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga: kunja thumba looneka lodzaza, ukalinyamula lapepuka. Tapeza jimu imene mwini wake anasiya kupitako chaka chatha, inshuwalansi ya foni imene inagulitsidwa kale, ndi maakaunti awiri oonera mafilimu m'nyumba ya TV imodzi. Mayina sindilemba. Zonse zathetsedwa madzulo omwewo.

Meyi 2025

Mwezi uno tauthera pa thiransipoti, chifukwa pambuyo pa lendi ndi imene ikuboola m'thumba kwambiri, komanso ili ndi timalamulo tambiri timene palibe amakuuza ukangofika.

Basi ndi £1.75 kulikonse kumene ukupita, kaya ndi masiteji awiri kaya kuchoka kuno mpaka Peckham pa 177. Ndalama ya m'manja salandira chiyambire 2014, ndi khadi basi. Kuyambira 2016 pali Hopper, imene meya Sadiq Khan anayambitsa: ukagunda khadi koyamba, mabasi ena onse amene ukwere ola lisanathe ndi aulere. Kwa ine woyenda m'makomo imeneyi ndiye nkhani. Agogo ena ndimakhala nawo theka la ola, ndiye ndikatuluka msanga basi yachiwiri imandipeza ndikadali m'kati mwa ola lija. Patsiku makina sadula kupitirira £5.25, pasabata £24.70, kuwerenga kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu. Msampha uli pa khadi. Makinawo amaona khadi ya pulasitiki ndi foni ngati anthu awiri, ngakhale akaunti ya ku banki ili imodzi. Wogunda ndi foni m'mawa n'kugunda ndi khadi madzulo safika pa malire aja, amangolipira. Achimwene anakana mpaka tinawatsegulira akaunti ya TfL, bungwe loyendetsa thiransipoti ya London, kuti adzionere okha.

Sitima ndi nkhani ina. Mtengo umayendera mazoni. Ife tili mu zoni 4, ndipo wolowa pakati pa tauni, mu zoni 1, amafika pa £12.80 patsiku, £64.20 pasabata. Kusiyana ndi basi ndi £39.50 pasabata, ndalama yoti munthu n'kuitembenukira. Ndiye panabuka maganizo oti alamu, amene amagwira kuchipatala m'tauni, azikwera basi ya 53. Apa lamulo lachiwiri linagwira ntchito koyamba. Elizabeth line imachoka ku Woolwich n'kufika Liverpool Street m'mphindi ngati 15, pomwe basi nthawi ya m'mawa imadya ola ndi kuposa, kupita kokha. Munthu woima maola 12 pa wodi sungamuonjezere maola awiri a pamsewu chifukwa cha mapaundi ochepa. Alamu atsala pa sitima. Zimene tasintha ndi izi: mtengo wokwera umayamba 6:30 mpaka 9:30 m'mawa, ndi 4:00 mpaka 7:00 madzulo, ndipo chimene amawerenga ndi nthawi imene wagunda khadi polowa. Akagunda 6:25 alipira wotsika. Akakhala pa shifiti ya usiku, kulowa mu zoni 1 madzulo kuchokera kunja amawerengeranso mtengo wotsika ngakhale ili nthawi ya chipwirikiti. Komanso poti amagwira masiku atatu kapena anayi pasabata, tikiti ya sabata yonse imene ankagula inali kulipirira masiku ogona. Aisiya, akungogunda.

Chemwali wamng'ono wagula 16-25 Railcard, £35, n'kukapempha wa pa siteshoni kuti aiike pa Oyster yake, khadi yolipirira basi ndi sitima. Tsopano nthawi yopanda chipwirikiti amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu. Ambiri amagula khadiyo n'kumaigwiritsa ntchito popita ku Leicester kapena Manchester kokha, osadziwa kuti ndi m'tauni momwe imathandiza.

Pa 7 Epulo anatsegula msewu wa Silvertown wodutsa pansi pa mtsinje wa Thames, ndipo kuyambira pamenepo galimoto zikulipira podutsa pamenepo ndi pa msewu wina wotere wa Blackwall pomwe, £4 nthawi ya chipwirikiti. Mabasi 108, 129 ndi SL4 awapanga aulere kwa chaka choyamba, ndiye wopita ku Stratford akwere 108. Achimwene ndi galimoto yawo abwerera ku Woolwich Ferry, pantoni yowolotsa galimoto pa mtsinjewo, imene yakhala yaulere chiyambire 1889. Mzere wake umatalika, koma iwo akuti ndi nthawi yawo yoimbira foni kumudzi.

Anzanga oyenda m'makomo, ichi musachiphonye: nthawi yoyenda kuchoka kwa agogo awa kupita kwa agogo awo lamulo limaiwerenga ngati nthawi ya ntchito poona ngati mukulandira malipiro otsikitsitsa. Lembani maola anu onse, a pamsewu omwe, mugawe ndi zimene mwalandira.

Juni 2025

Chakudya. Apa ndi pamene aliyense anali ndi nzeru zake, ndipo ndi pamene takangana kwambiri.

Mmene tinkakhalira, aliyense anali ndi kabati yake: timatumba ta ufa tisanu, timabotolo ta mafuta tisanu, anyezi akuphukira m'makona. Tayamba thumba limodzi la nyumba. Aliyense amaponya ndalama yofanana pasabata, ndipo imagula zokhazo zimene tonse timadya: ufa, mpunga, mafuta, nyemba, anyezi, tomato wa m'chitini, mchere, sopo. Ndiwo zapamtima aliyense adzionere. Ufa tikugula wa makilogalamu 10, Iwisa kapena White Star wa ku South Africa, m'mashopu a anzathu a ku West Africa ndi amwenye pa Plumstead High Street. Pa kilogalamu umatsika kwambiri kuyerekeza ndi timapaketi. Pashelefu ya m'supamaketi pali timanambala ting'onoting'ono pansi pa mtengo, tonena mtengo wa kilogalamu kapena lita. Timeneto ndiye toyenera kuwerenga, osati chikwangwani chofiira. Tapezanso kuti m'shopu imodzimodziyo nyemba, mpunga ndi zokometsera zimatchipa ku mashelefu a zakudya za maiko ena kusiyana ndi kumene eni dziko amatola.

Masamba ndi zipatso ndi pa msika wa Beresford Square ku Woolwich, pa mbale ya paundi. Mbale zake zachepa masiku ano ndipo zina akuti £1.50, komabe supamaketi siifikapo. Zinthu zake zimakhala zakupsa kale, zofuna mphika tsiku lomwelo. Tomato wa mbale zitatu ukamusiya mpaka Lachitatu wataya ndalama. Chifukwa chake tagula filiza yogona kwa munthu wina pa Facebook Marketplace, ndipo Loweruka madzulo ndi ntchito yodula, kufutsa ndi kulongedza. Spring greens ndi kale zalowa m'malo mwa repu ndi mpiru. Nsinjiro tikusinja tokha mtedza wosakazinga mu blenda. Anti akuti sizifika pa za mu mtondo, koma mbale yawo imabwerera yoyera.

Nyama tikugula kwa mabutcha a halal, kuno kapena ku Rye Lane ku Peckham. Nkhuku zolimba zija zoti uphike maola awiri, mbuzi, zam'kati, mapazi a ng'ombe. Kumeneko kunenerera kumatheka ukagula zambiri, makamaka ukakhala nkhope yodziwika. Alamu ndiye katswiri, amayamba ndi kufunsa za ana a mwini shopu. Nsomba tinapita ku Billingsgate, msika waukulu wa ku Poplar, umene umatsegula 4 koloko m'bandakucha kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka. Amagulitsa pa bokosi, ndipo ana osafika zaka 12 salowa. Kwa munthu mmodzi n'zopanda nzeru, tulo take n'todula kuposa makerele. Kwa anthu asanu okhala ndi filiza ndi galimoto, ulendo umodzi pa miyezi iwiri ukukwanira. Eni msikawo, a City of London, analengeza mu Novembala 2024 kuti adzautseka pamodzi ndi Smithfield, koma malonda apitirira mpaka 2028. Usipa ndi utaka timadalira obwera kuchokera kumudzi. Nsomba zouma zimaloledwa mpaka makilogalamu 20 pa munthu, koma nyama ndi za mkaka n'zoletsedwa, ndiye musawatume ngakhale kachidutswa.

Tsopano masitika achikasu, amene aliyense wofika kumene amauzidwa kuti ndiwo chinsinsi cha London. Tawayesa, ndipo ine ndikuti amatamidwa mopitirira. Zoona, madzulo supamaketi imatsitsa zinthu zimene tsiku lake lakwana, nthawi zina kuposa theka. Koma nthawi yake siidziwika bwino, anthu amaunjikana pa kashelefu kamodzi, ndipo zimene umapeza ndi masangweji, makeke ndi zakudya zophikaphika zimene sukanagula n'komwe. Kuchoka panyumba dala kukadikirira sitika kukulephera lamulo la ola. Tagwirizana kuti wodutsa pa shopu pobwera ku ntchito asuzumire, akapeza nyama kapena buledi atenge tiponye mu filiza, basi. Pamapaketi pali madeti a mitundu iwiri: use by ndi wa chitetezo, makamaka pa nyama ndi nsomba, usapitirire pokhapokha unaumitsa tsikulo lisanakwane, best before amangonena za kukoma, chinthucho chimadyeka ndithu pambuyo pake.

Too Good To Go, apu yogulitsa zotsala za m'mashopu pa thumba losadziwika zam'kati, yatipatsa mabanzi ambiri kuposa ndiwo. Chemwali wamng'ono akuikonda, enafe taisiya. Chimene chapambana ndi bokosi la £1.50 la ku Lidl, makilogalamu ngati asanu a masamba ndi zipatso zofooka pang'ono. Amaliika m'mawa pafupi ndi potulukira ndipo silichedwa kutha. Anti akamaweruka usiku amafika nthawi yake yeniyeni, popanda kupatuka. Clubcard ya Tesco ndi Nectar ya Sainsbury's n'zaulere, ndipo wopanda khadi amalipira mtengo wokwera pa chinthu chomwecho, ndiye aliyense waika pa foni.

Koma chachikulu pa chakudya chinali chosayembekezeka: nkhomaliro ya ku ntchito. Sangweji, chakumwa ndi kachipisi, pafupifupi £4. Masiku asanu ndi £20, pachaka ikuyandikira £1,000 pa munthu mmodzi, ndipo 3 koloko isanakwane njala yabwerera. Tsopano wophika madzulo amaphika mowonjezera, makontena asanu amaima pa kauntala, mpunga wa nyemba kapena wa nkhuku.

Julayi 2025

Mwezi wa mapepala, wotopetsa koma wopindula.

Malire a gasi ndi magetsi atsika kufika £1,720. Amasintha miyezi itatu iliyonse, ndiye tsiku lomaliza la Juni tinajambula mita n'kutumiza manambala, kuti asatiyerekezere.

Mafoni: atatu anali atamaliza kulipira foni zawo koma kontirakiti ikudulabe mtengo wakale. Kutumiza mawu oti PAC ku 65075 kumabweretsa nambala yosamukira ku kampani ina osataya nambala yako. Onse atatu ali pa SIM ya mwezi ndi mwezi yosafika £10. Kumudzi timaimba pa WhatsApp, mphindi zogula ndi za agogo okha amene foni yawo ndi ya mabatani.

Laisensi ya TV tinafuna kuichotsa, chifukwa Netflix ndi mavidiyo a pa YouTube saifuna. Imafunika ukamaonera pulogalamu iliyonse nthawi imene ikuulutsidwa, kapena BBC iPlayer. Achimwene ndi mpira wawo ndiye atitsekereza. Poti tonse tili pa pepala limodzi la lendi, laisensi imodzi ikukwanira nyumba yonse, ndipo msonkhano wagamula kuti theka alipire iwo.

Ochapa okha yunifolomu angapemphe HMRC, bungwe lotolera misonkho, kuwachotsera msonkho. Kwa anamwino ndi othandizira odwala ndi £125 pachaka, kutanthauza £25 yobwerera m'thumba, ndipo ungapemphe za zaka zinayi zam'mbuyo. Fomu yake ili pa gov.uk, yaulere, mphindi zochepa. Makampani amene amadzitsatsa kuti akuchitirani amatengapo gawo lawo pa ntchito yoti mukanaichita muli pa basi.

Anti amamwa mankhwala a BP mitundu iwiri mwezi uliwonse, uliwonse £9.90. Satifiketi yolipiriratu ya NHS, bungwe la zipatala za boma, ndi £114.50 pachaka, mankhwala kaya achuluke bwanji. Iwo amawononga £237.60, ndiye apulumutsa £123.10 ndi fomu imodzi. Panado wa dzina lodziwika tasiya, wa shopu wosafika 50p ndi yemweyo. Blue Light Card, khadi yotsitsira mitengo m'mashopu, £4.99 zaka ziwiri kwa ogwira ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu, tatenga atatu. Yathandiza pa nsapato za ku ntchito. Yachititsanso wina kugula mafuta onunkhira amene sanali pa bajeti, ndiye mu kabuku ndailemba mbali zonse ziwiri.

Ogasiti 2025

Majekete a dzinja tagula mwezi uno, dzuwa likuswa mtengo, pamene palibe akuwafuna. Mashopu a mabungwe achifundo amasiyana ndi dera: a ku Blackheath ndi Greenwich amalandira zovala za anthu opeza bwino, ndiye ndi kumene tikupita. Kwa ife okulira pa kaunjika ntchito yake ndi yodziwika, kuyang'ana kolala, zipi ndi m'khwapa. Zina zimene zatsala m'mashopu amenewa ndi zomwe zimamangidwa m'mabelo kupita ku Africa, ndiye tingoti tikusankha belo lisanamangidwe. Tebulo la chemwali lachokera ku shopu ya mipando ya British Heart Foundation. Matiresi otayidwa m'mbali mwa msewu, ngakhale aoneke atsopano bwanji, saloledwa kulowa muno. Nsikidzi za ku London kuzichotsa n'kodula kuposa bedi.

Kupuma sikunatidye kanthu. National Maritime Museum ku Greenwich, Horniman ku Forest Hill, British Museum, konseko polowa ndi ulere, ndipo nyumba zazikulu za boma zosungiramo zakale zoterezi zakhala choncho chiyambire 2001. Chodula ndi tiyi wa m'katimo. Tinanyamula fulasiki ndi mandasi.

Galimoto ya achimwene ndi ya petulo ndipo ikukwanira malamulo a ULEZ oletsa galimoto za utsi wambiri, apo ayi bwenzi ikudya £12.50 tsiku lililonse imene yayenda, chifukwa kuyambira Ogasiti 2023 malirewo anakuta London yense. Inshuwalansi inkadzikonzanso yokha chaka ndi chaka. Ulendo uno tafufuza mitengo masabata atatu isanathe, ndipo alipira ya chaka chonse kamodzi, poti yolipira mwezi ndi mwezi imakhala ngongole ya chiwongoladzanja.

Sepitembala 2025

Nkhani imene tinkaizemba: ndalama zopita kumudzi. Pa masitetimenti a Epulo aja inali yachitatu kukula, koma palibe ankafuna kuiyamba.

Sitinakambe zochepetsa. Takamba za katumizidwe. Ambiri timatumiza pang'onopang'ono, £20 lero ya mankhwala, £30 mawa ya mayunitsi, foni ikangolira. Kutumiza kulikonse kuli ndi kake kodulidwa, kaya koonekera kaya kobisika mu reti. Poyerekeza makampani, mawu oti kutumiza n'kwaulere asakukopeni. Funso ndi limodzi: pa £100, ndi makwacha angati amene afike mu Airtel Money kapena Mpamba ya amayi? Tsegulani maapu awiri kapena atatu nthawi imodzi muone nambala yomalizayo. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo kumudzi sinakhazikike, ndipo ndi zisankho za pa 16 mwezi uno aliyense ali ndi ulosi wake wa reti. Aliponso anthu a pa WhatsApp olonjeza reti yonona. Nyumba yagamula kuti zopanda lisiti sizilowa mu kabuku kano, wozifuna adziwe yekha.

Zimene tasintha: kutumiza kamodzi pamwezi, tsiku lodziwika, ndipo a kumudzi auzidwa tsikulo. Fizi ikupita ku akaunti ya sukulu mwachindunji. Feteleza tayamba kusonkhera panopa, mvula isanayandikire. Anti ndiwo anatsutsa kwambiri, amvekere, “Mwana iwe, matenda sadikira pa 28.” Ndi zoona, ndiye aliyense wapatula kandalama ka zadzidzidzi, ka matenda ndi maliro okha, kosakhudza zina.

Zopulumutsa zonse zija zikanangosungunuka mu akaunti, ndiye tayamba chipereganyu cha anthu asanu. Ndalama imachoka yokha tsiku la malipiro, m'mawa, munthu asanaione. Woyamba kulandira ndi anti, ya tikiti. Ndege yolunjika ku Lilongwe kulibe, ndi kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, ndipo Disembala ndi miyezi ya tchuthi cha sukulu mitengo imapenga. Iwo asankha Meyi, nthawi yokolola.

Okutobala 2025

Mawotchi abwerera m'mbuyo pa 26, mdima ukugwa 5 koloko isanakwane, ndipo nkhondo ya hita yayamba. Malire a Ofgem akwera pang'ono kufika £1,755. Pa bilu pali ndalama ina, pafupifupi 80p patsiku gasi ndi magetsi pamodzi, imene umalipira ngakhale uzimitse chilichonse. Imeneyo tilibe nayo chochita.

Vuto la nyumba ino ndi loti sitigona nthawi imodzi. Anti amagona masana pamene enafe tachoka, ndiye kutenthetsa nyumba yonse chifukwa cha chipinda chimodzi n'kuwononga, komanso kuwasiya azizidwe n'kupanda ulemu. Iwo anali ndi kahita ka magetsi kopemerera. Tinawerengera limodzi: ka 2 kW kamadya kuposa 50p pa ola, pomwe bulangete la magetsi limadya ngati 3p. Nyumba yawagulira bulangete kuchokera m'thumba la tonse. Kahitako akana kukapereka, akuti kakhale pansi pa bedi, ndipo sitinalimbane nawo.

Hita yaikulu ikuyaka m'mawa ndi madzulo pa nthawi yoikika, pa madigiri 18, amene a zaumoyo kuno amati nyumba isatsike kuposa pamenepo. Achimwene anafuna 16. Ndawakaniza, chifukwa nyumba yozizira yoyanikamo zovala imachita nkhungu m'makoma, ndipo nkhunguyo imalowa m'chifuwa n'kudzadyanso dipoziti potuluka. Zovala tikuyanika m'chipinda chimodzi, windo lotsegula pang'ono. Nyemba zikunyikidwa usiku n'kuphikidwa mu pressure cooker, theka la ola m'malo mwa maola atatu. Chemwali wamng'ono masana akuwerengera ku laibulale ya ku Woolwich Centre, kofunda, intaneti yaulere.

Novembala 2025

Ndawonkhetsa za miyezi isanu ndi iwiri. Zimene zabweza ndalama zambiri, motsatana: thiransipoti, makontena a nkhomaliro, mafoni ndi ma direct debit aja, thumba la chakudya la tonse, kenako inshuwalansi ndi mankhwala. Masitika achikasu ndi maapu a zotsala ali pansi penipeni, ngakhale ndi amene atidyera nthawi yambiri yokambirana. Zinayi zapamwambazo zinafuna kuganiza kamodzi, kapena kugwirizana anthu asanu, kenako zikuyenda zokha. Council tax tinafufuza ngati chemwali wa sukulu angatichotsereko. Iye sawerengedwa, koma kuchotsera kwa 25 peresenti kumabwera pokhapokha wamkulu wowerengedwa atatsala mmodzi, ndipo ife tilipo anayi. Timalipira m'magawo 10, ndiye Febuluwale ndi Malichi sitidzalipira kanthu. Ndalama ya miyezi iwiriyo yalonjezedwa kale ku bilu ya gasi ya dzinja.

Ndiye kwabwera kalata ya landilodi. Akufuna kukweza lendi kuyambira Januwale, ndipo zimene akupemphazo zikumeza pafupifupi theka la zonse tapulumutsa.

Achimwene anayamba ndi zosamuka. Tayang'ana Dartford, Gravesend mpaka Chatham. Lendi imatsikadi, koma Dartford ili mu zoni 8, ndipo kupitirira apo ndi matikiti a sitima za kunja kwa London, kumene mabasi a £1.75 safikako. Kwa alamu ndi chemwali zotsika pa lendi zikubwerera pa sitima. Ine makasitomala anga onse ali m'dera lino. Kusamuka kukufunanso dipoziti yatsopano yakale isanabwere. Lamulo la 2019 limati dipoziti isapitirire lendi ya masabata asanu, yogwirira nyumba isapitirire sabata imodzi, ndipo maejenti saloledwa kulipiritsa za mafomu, komabe masabata asanu a nyumba ya zipinda zinayi si ndalama yoitola pansi. Tatsimikiza kuti yathu ili m'bungwe losunga madipoziti monga lamulo lifunira, satifiketi yake ili mu fayilo.

Lamulo latsopano la obwereka nyumba, Renters' Rights Act, lavomerezedwa pa 27 Okutobala, ndipo boma lati mbali yake yaikulu iyamba pa 1 Meyi 2026. Kutulutsa munthu popanda chifukwa kudzatha, lendi sizidzakwera kuposa kamodzi pachaka, ndipo kupikisanitsa anthu pa mtengo wa nyumba kudzaletsedwa. Januwale afika Meyi asanakwane, ndiye ulendo uno sitingalitsamire.

Tasankha kunenerera. Chemwali wasonkhanitsa mitengo ya nyumba zofanana ndi ino m'misewu yoyandikana, kuchokera pa Rightmove ndi OpenRent, ndipo zingapo zili pansi pa zimene akutipempha. Ine ndalemba kalata: sitinachedwepo kulipira, munda wa kuseri tinaulambula tokha, nyumba ikakhala mwezi umodzi yopanda anthu ataya zambiri kuposa zimene akufuna kuwonjezera, ndipo tikuvomera theka la kukwezako. Tatchulamonso windo la ku bafa losatsekeka ndi boyila imene imazima yokha. Yankho labwera dzulo, lalifupi: ejenti abwera Lachinayi madzulo kudzaona nyumba ndi kukambirana. Alamu asinthana shifiti ndi mnzawo kuti adzakhalepo, poti pa zonenerera ndi iwo. Achimwene apemphedwa kuti adzangopereka moni. Lachitatu usiku tonse tikolopa, ndipo anti kahita kawo adzakabise mu sutikesi.